KUPENDA KAVALO WA LIWIRO: ZIMENE MANAMBALA AMANENA NDI PAMENE AMALEKEZERA

Mwezi uno tikambirana za nyama imene ambiri a ife sitinaikhudzepo ndi dzanja. Kavalo ndi mlendo m'midzi yathu. Nchenche ya kashembe, ndiponso nthenda ya akavalo imene imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tocepa kuposa udzudzu, zinathandizira kuti kavalo asakhazikike m'makola a makolo athu monga zinakhazikikira ng'ombe ndi mbuzi. Koma lero kavalo watipeza. Timamuona akuthamanga pa wailesi yakanema ndi pa foni, ndipo a makampani obecha amaika dzina lake pa mndandanda umodzi ndi matimu a mpira. Mnyamata amene sanamvepo ngakhale fungo la kavalo amauza anzake molimba mtima kuti, "Uyu sangalephere, taonani manambala ake." Tsono ndi bwino kuti tidziwe cimene manambalawo amanena, ndiponso pamene amalekezera.

Kupenda kavalo wa liwiro ndi luso lenileni, ndipo alipo anthu amene amadyera momwemo moyo wao onse. Koma tisiyanitse mafunso awiri amene amaoneka ofanana. Loyamba ndi lakuti, kodi kavalo uyu ndi wabwino motani? Funso limeneli lili ndi yankho limene munthu wodekha angathe kulipeza. Laciwiri ndi lakuti, kodi apambana lero? Pa funso ili ngakhale katswiri wa imvi amangoyerekeza. Kuti tione bwino kusiyanaku, titsatire mbiri ya kavalo wina wobadwira m'dziko loyandikana nafe.

M'caka ca 1998, pa famu ina kufupi ndi Marondera ku Zimbabwe, panabadwa kavalo wamkazi amene anamucha Ipi Tombe. Atapita naye ku msika wa okushoni, kumene ogula amapikisana pa mtengo, palibe amene anamulimbirana: anagulidwa pa mtengo wosafika madola 100 a ku America. Zaka zowerengeka zitapita, kavalo yemweyo anali atapambana ku Harare, ku Durban, ku Dubai ndi ku America. Anathamanga mipikisano 14, napambana 12, ndipo m'iwiri yotsalayo anafika waciwiri. Kodi akatswiri a pa msika uja anaphonya ciani? Nanga ndi ziti zimene zikanatha kuoneka?

Ayambira pa magazi

Wopenda kavalo amayamba wafunsa za makolo ake. Akavalo a mipikisano ikuluikulu ndi a mtundu wochedwa Thoroughbred, ndipo onse, tikalondola mzere wa atate ao, amakafika kwa amphongo atatu amene anafika ku England cakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Kuyambira m'caka ca 1791 maina a akavalo a mtunduwu akhala akulembedwa m'buku la mibadwo, kotero kuti wogula angathe kudziwa agogo a agogo a kavalo amene waima patsogolo pake. Amafuna kudziwa ngati a ku banja limenelo anali a liwiro la pafupi kapena opirira pa mtunda wautali, ngati ankakhwima msanga kapena mocedwa, ndiponso ngati miyendo yao inali yolimba.

Atate a Ipi Tombe, dzina lao Manshood, sanachuke pa bwalo la mpikisano. Koma Manshood anali mwana wa Mr. Prospector, mmodzi mwa amphongo omveka kwambiri a ku America, ndipo amake anali Indian Skimmer, amene anagonjetsa amphongo pa mpikisano wa Champion Stakes ku England m'caka ca 1988. Conco magazi abwino analipo, koma anali atabisala m'badwo umodzi kumbuyo. Woyang'ana atate okha sanaone kanthu. Woyang'ana agogo akanaima kaye n'kuganiza.

Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu. Mwambiwu ndi woona, koma pa akavalo wagwetsa anthu olemera ambiri. M'caka ca 1983 kavalo wochedwa Snaafi Dancer anagulidwa pa madola 10.2 miliyoni cifukwa ca dzina la atate ake, koma sanathamangepo mpikisano ndi umodzi womwe. M'caka ca 2006 The Green Monkey anagulidwa pa madola 16 miliyoni. Anathamanga katatu, osapambana. Pamene Seattle Slew, wogulidwa pa madola 17,500 cabe, anapambana mipikisano yonse itatu ikuluikulu ya akavalo a zaka zitatu ku America m'caka ca 1977. Asayansi naonso athandizapo: m'caka ca 2010 Dr. Emmeline Hill ndi anzake a ku Dublin anasonyeza kuti kacibadwa kamodzi kolamulira kakulidwe ka minofu kamalosera ngati kavalo adzacita bwino pa mtunda waufupi kapena wautali. Koma kupima kumeneku kumanena za mtunda womuyenera; sikulonjeza kuti adzakhala ngwazi.

Kenaka thupi

Kavalo wa liwiro amalemera pafupifupi makilogalamu 500 ndipo amathamanga pa liwiro la makilomita 60 pa ola, nthawi zina kupitirira. Pa kulumpha kulikonse ilipo kamphindi pamene thupi lonselo limatsamira pa mwendo umodzi. Kunsi kwa bondo la kavalo kulibe minofu. Kuli fupa, mitsempha ndi khungu basi. Ndi cifukwa cake wopenda amayamba wayang'ana pansi asanayang'ane nkhope. Amaima kutsogolo kuti aone ngati miyendo ndi yoongoka, pakuti mwendo wopotoka pang'ono umalandira katundu mbali imodzi ndipo sucedwa kupweteka. Amamuyendetsa pang'onopang'ono kuti aone ngati ciboda ca kumbuyo cikuponda kupitirira pamene ca kutsogolo cacoka, cizindikiro ca kavalo wotambasula bwino. Amayang'ana ncafu ndi matako, kumene mphamvu yokankha imacokera, ndiponso kuya kwa cifuwa, kumene kumakhala mtima ndi mapapo.

Kavalo amapuma ndi mphuno zokha, ndipo akakhala pa liwiro lalikulu amapuma kamodzi pa kulumpha kulikonse. Cotero kavalo amene amaliza mluzu kapena kubangula kukhosi pothamanga amadetsa nkhawa, cifukwa mpweya ukacepa, miyendo imalema asanafike kumapeto. Mtima wa kavalo wa mtunduwu umalemera pafupifupi makilogalamu 4, koma wa Phar Lap, ngwazi ya ku Australia imene inafa m'caka ca 1932, unapitirira makilogalamu 6, ndipo unasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Canberra. Tsoka lake ndi lakuti mtima suoneka pa msika.

Pa tsiku la mpikisano akavalo amawazungulitsa pa kabwalo kuti anthu awaone. Odziwa amayang'ana ubweya ngati ukunyezimira, maso ngati ali gwa, ndi kayendedwe ngati ndi komasuka. Kavalo amene watuluka thovu la thukuta pa khosi ndi pakati pa miyendo tsiku lozizira, amene akuvinavina ndi kulimbana ndi womugwira, kawirikawiri watha kale mphamvu zina mpikisano usanayambe.

Komabe cilema si mapeto a nkhani, cifukwa dzanja losamala kavalo nalo limawerengedwa. Red Rum anali ndi nthenda ya fupa la m'ciboda pamene anafika kwa mphunzitsi Ginger McCain, amene ankamuthamangitsa pa mcenga wa m'mbali mwa nyanja ku Southport ndi kumuyendetsa m'madzi amcere. Kavalo ameneyu anapambana mpikisano wolumpha mipanda wa Grand National m'zaka za 1973, 1974 ndi 1977, ndipo m'zaka ziwiri za pakati anafika waciwiri. Ndiye cifukwa cake wopenda amafunsanso kuti, akumuphunzitsa ndani, nanga akumukwera ndani?

Manambala a pa pepala

Tsopano tifike pa manambala aja, amene Angerezi amawacha form. Pambali pa dzina la kavalo pamalembedwa mzere wonga uwu: 2311-40. Umawerengedwa kucokera kumanzere, ndipo nambala ya kumapeto kumanja ndiyo ya mpikisano waposacedwa. Nambala iliyonse ndi malo amene kavalo anafika. Pa mapepala a ku Britain, 0 atanthauza kuti sanakhale nao pa asanu ndi anai oyamba, ndipo kamzere kapakati kamalekanitsa nyengo ya caka cino ndi yapita. Pa mipikisano yolumpha mipanda pamapezekanso zilembo: F ngati anagwa, U ngati anagwetsa wokwera, P ngati wokwerayo anamuimitsa asanamalize.

Wongoyamba kumene amakondwera akaona 1 wambiri. Wodziwa amafunsa kuti, anapambana ndani? Kufika wacinai pakati pa ngwazi kuposa kufika woyamba pakati pa ofooka, monga momwe timu yomaliza ya ligi yaikulu ingagonjetsere akatswiri a mpira wa m'mudzi. Conco amalondola maina: ngati kavalo uyu anasiya uja ndi matupi awiri, ndipo uja pambuyo pake anakapambana mpikisano waukulu, ndiye kuti cipambano coyamba cija cinali colemera. Mpata wa pakati pa akavalo umayesedwa ndi utali wa thupi la kavalo, pafupifupi mamita 2.4. Nkoloko nayo imathandiza, koma mosamala, pakuti nthawi imasintha ndi mphepo, kufewa kwa nthaka ndi liwiro limene otsogola anayamba nalo. Bungwe la Timeform, limene Phil Bull anayambitsa ku England m'caka ca 1948, limasonkhanitsa zonsezi ndi kupatsa kavalo nambala imodzi ya mlingo wake. Frankel, amene anapambana mipikisano yake yonse 14 pakati pa 2010 ndi 2012, anapatsidwa 147.

Pamenepa nkhani ya Ipi Tombe ikutiphunzitsa kanthu kena kozama. Iye anayamba kuthamanga pa bwalo la Borrowdale Park ku Harare ndipo ankapambana. Wopenda wa kunja akanatha kunena kuti, "Wapambana inde, koma wapambana a kwao." Mau amenewa sakanakhala abodza, koma akanakhala operewera. Kavalo amene wagonja atayesetsa watisonyeza pamene mphamvu zake zimathera. Kavalo amene akupambana mosabvutika sanatisonyeze malire ake. Manambala amangotiuza kuti aposa amene wakumana nao, osatiuza kuti awaposa motani. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kumukweza kwa olimba.

Ndi zimene zinacitika. Anamutumiza ku South Africa kwa mphunzitsi Mike de Kock, ndipo m'caka ca 2002, atakwera Kevin Shea, anapambana Durban July, mpikisano wa mamita 2,200 pa bwalo la Greyville umene unayamba m'caka ca 1897. Anagonjetsa amphongo, ena a iwo akulu kwa iye. Funso lomwe lija linabweranso: wapambana a kum'mwera kwa Africa, nanga a maiko a kutali? Cifukwa ca nthenda ya akavalo ija, kavalo wocokera kuno amayamba wabindikiritsidwa asanaloledwe kulowa maiko ena, ndipo ulendo wotere umafooketsa ambiri. Koma mu March 2003 iye anapambana Dubai Duty Free, mpikisano wa mphotho ya madola 2 miliyoni, pamaso pa akavalo ocokera ku maiko osiyanasiyana. Pa sitepe iliyonse okayika anali ndi cifukwa comveka, ndipo pa sitepe iliyonse yankho linaperekedwa ndi miyendo.

Mtunda, nthaka ndi katundu

Zinthu zitatu zimasintha tanthauzo la manambala. Coyamba ndi mtunda. Kavalo wa mamita 1,000 ndi wa mamita 3,000 ali ngati anthu awiri a nchito zosiyana. Ngwazi ya pafupi ikaikidwa pa mtunda wautali imatsogola bwino, kenaka n'kuzimirira ngati moto wa mapesi. Caciwiri ndi nthaka. Ena amakonda udzu wouma ndi wolimba, ena amasangalala m'matope, ena amathamanga bwino pa dothi kapena mcenga. Mvula ya usiku umodzi ingathe kusandutsa pepala lonse kukhala lopanda nchito. Pa mabwalo ena ngakhale khomo loyambira liri ndi kanthu, popeza woyambira kunja amazungulira mtunda wautali pa ngodya.

Cacitatu ndi katundu, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi, anatero akale, ndipo eni mipikisano anapeza njira yao yolinganizira olimba ndi ofooka. Mipikisano yambiri, kuphatikizapo Durban July, ndi ya mtundu wochedwa handicap. Pa mpikisano wotere mkulu woikidwa amapatsa kavalo aliyense kulemera koti anyamule malinga ndi mbiri yake. Wokwera akapepuka, amaonjezera tizidutswa ta mtovu m'nsalu ya pansi pa cishalo. Odziwa amawerengera kuti pa mtunda wa mamita 1,600, kilogalamu imodzi imabweza kavalo m'mbuyo ndi thupi limodzi. Colinga ca mkulu uja ndi cakuti onse akafike pa mzere nthawi imodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti kavalo akapambana, mlingo wake umakwezedwa ndipo ulendo wotsatira amasenza zambiri. Conco mzere wokongola wa 1-1-1 umene wakopa maso a mnyamata uja ndiwo umene walemetsa msana wa kavaloyo lero. Pa mipikisano ina katundu amagawidwa malinga ndi zaka, potsata muyeso umene Admiral Rous anakonza ku England m'zaka za m'ma 1800, ndipo akavalo aakazi amapepukiridwa pang'ono.

Zimene pepala silingalembe

Tinene kuti munthu wapenda zonsezi mwaluso: magazi, thupi, mbiri, mtunda, nthaka ndi katundu. Wadziwa kavalo wabwino koposa. Kodi wadziwa wopambana? Cakudza siciimba ng'oma. M'caka ca 1956 Devon Loch, kavalo wa amai ake a Mfumukazi Elizabeth II, anali patsogolo pa Grand National atalumpha mipanda yonse, ndipo kutatsala mamita pafupifupi 40 anangoti khwathya ndi mimba pa udzu wosalala, anzake n'kumupitirira. M'caka ca 1967, pa mpikisano womwewo, kavalo wopanda wokwera anadutsa mopingasa pa mpanda wa nambala 23 ndi kusokoneza gulu lonse. Foinavon, amene anali kumbuyo kwambiri ndipo obecha ankamuwerengera mwai umodzi pa 100, anapeza mpata, nadutsa yekha, napambana.

Izi ndi nkhani zochuka, koma zazing'ono zimacitika tsiku ndi tsiku: kavalo wacedwa kutuluka pa khomo, watsekerezedwa ndi anzake pa ngodya, ciboda cathothoka citsulo, kapena wadzuka ndi cifuwa cimene sicinaonekere. Ndi cifukwa cake m'maiko onse a mipikisano, kavalo amene anthu ambiri amuikira ndalama amapambana pafupifupi kamodzi pa mipikisano itatu iliyonse. Tiganizepo bwino apa. Ameneyu ndi kavalo wosankhidwa ndi nzeru za akatswiri onse pamodzi, koma kawiri pa katatu amagonja.

Ipi Tombe naye sanathawe lamulo limeneli. Mu June 2003 anapambana pa bwalo la Churchill Downs ku America, ndipo pepala lake linali lodzala ndi 1, anthu akuyembekezera zazikulu zoposa. Koma anapweteka, osathamanganso. M'caka ca 2004 anagulitsidwa ku England pa mtengo woposa mapaundi 890,000 kuti akabale ana. Ogulawo anali akatswiri a magazi, ndipo anagula magazi otsimikizika. Komabe palibe mwana wake amene anafika pa mlingo wa amake. Msika unamuyesa wacabe ali wamng'ono, ndipo unalakwa. Unayembekezera ngwazi zina mwa iye atakula, ndipo sizinabwere.

Tionjezerepo masamu a mwini njuga, amene sapenda kavalo yekha koma amapendanso thumba la wobecha. Tiyerekeze akavalo awiri ofanana mphamvu. Cilungamo cikanakhala cakuti woika K10 alandire K20 akapambana. Koma mwini njuga amalipira K19 kapena kucepera apo. Anthu awiri akaika K10 aliyense, wina uku wina uku, iye walandira K20, walipira K19, ndipo K1 yatsala kwa iye, kaya apambane ndani. Kumene ndalama za obecha onse zimaikidwa m'thumba limodzi, eni ake amayamba acotsa gawo lao asanagawe zotsala. Motero wobecha ayenera kuposa akatswiri onse pa kupenda, ndi kuwaposa mokwanira kubweza gawo lodulidwalo, mlungu ndi mlungu. Ocita zimenezi ndi owerengeka kwambiri, ndipo sacita ndi ndalama ya unga. Ticenjezenso za akavalo a pa kanema opangidwa ndi kompyuta, amene amathamanga pakapita mphindi zowerengeka zilizonse. Amenewo alibe makolo, alibe mapapo, alibe mbiri yoona. Wopambana amasankhidwa ndi makina mwa maere, ndipo palibe coti munthu apende.

Tsono luso limeneli ndi la yani? Ndi la woweta amene akusankha mphongo yoyenera msoti wake, la mphunzitsi amene akufunira kavalo wake mtunda womuyenera, la dokotala wa ziweto, ndi la woonerera amene afuna kumvetsa cimene maso ake akuona. Mlimi wosankha ng'ombe ya pa goli amalidziwa kale: amayang'ana miyendo, cifuwa ndi khola kumene yacokera, koma salumbira kuti sidzadwala. Wotenga luso limeneli kuti adzazire mphika wa pa nyumba akulipempha cimene silinalonjeze, ndipo amene amalipira kusiyanako ndi mai wodikira ndalama ya ndiwo ndi mwana wobwezedwa ku sukulu.

Durban July imathamangidwa kawirikawiri Loweruka loyamba la mwezi wa July. Amene muli ndi mwai woionera, khalani pamodzi ndi a pa banja panu, pepala ndi pensulo m'manja. Aliyense apende, asankhe kavalo wake, anene ndi zifukwa zake. Mudzaona kukoma kwa masewerawa, ndipo mwina kamwana kosankha cifukwa ca mtundu wa malaya a wokwera kadzaposa atate ake amene awerenga manambala usiku wonse. Mudzaseka nonse, ndalama zili m'thumba.